Zigubu za Cacilda

Kuno kwathu, kumunsi kwa phiri la Tumbine, anthu akayamba kutama Cacilda mpaka makutu amawawa. Ati Cacilda ndi wanzeru, ati Cacilda amaona patali. Ine ndine Paulina, mkulu wake wa bere limodzi, amene ndinamubereka kumbuyo akudontha mamina. Ndikuuzani za iyeyo mmene ndimamudziwira ine. Ndipo ndineneretu kuti nsanje ndili nayo, sindibisa ayi.

Tinathawa nkhondo mu 1986, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, iye zisanu ndi ziwiri. Tinawoloka mtsinje wa Muloza n'kukakhala kukampu ya othawa nkhondo tsidya la Malawi. Kumeneko ntchito ya Cacilda inali yoima pamzere wa madzi. Dzinja lina mjigo unafa, amayi anamutuma kukatunga kukhwawa, ndipo patapita masiku atatu amayi anatisiya ndi kolera. Palibe amene anamuloza chala mwanayo. Anadziloza yekha. Kuyambira pamenepo Cacilda samwa madzi amene sakudziwa kumene atungidwa, ngakhale pamaliro.

Mtendere utabwera tinabwerera kuno n'kugawana malo a amayi. Ine monga wamkulu ndinatenga kudambo, nthaka yakuda bii, chitsime pakhomo. Iye anatenga kumtunda kwa miyala, kumene ngakhale nandolo amamera monyinyirika. Anakwatiwa ndi Gaspar, anakhala zaka zisanu ndi zinayi osaona mwana, kenako Gaspar anakwera shapa, minibasi ya ku Mocuba, osabwereranso. Ine ndi amuna anga a Cipriano tinabereka asanu. Anayi ndi amuna, ndipo mukudziwa kuti kuno mwana wamwamuna amakamanga kwa mkazi wake. Wotsala pakhomo, wodzakutembenuza ukadwala, ndi mwana wamkazi. Ine wamkaziyo ndili naye mmodzi basi, Nélia.

Tsono tamverani zochita za mng'ono wangayo. Mwezi wa Okutobala ukafika, anzake tikusosa m'mashamba, iye ali kuchigayo. Amagayitsa ufa wambiri ngati ali ndi ukwati, n'kuuyanika pamphasa masiku atatu mpaka uume gwaa. Akatero amauthira m'zigubu zachikasu zija za mafuta ophikira, n'kumanga pakamwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Zigubuzo amaziika pansanja m'nyumba, pamodzi ndi makaka, nandolo, mchere, ndi machesi a m'botolo. Nkhuni zake sizigona panja, zimagona kudenga. Zigubu zina zisanu ndi chimodzi ndi za madzi. Loweruka lililonse amakhuthula madzi akalewo n'kuchapira, n'kutsika kumjigo wa kusukulu kukatunga ena, maulendo asanu ndi limodzi, chitunda chonsecho. Munthu wake mmodzi! Ndinkamufunsa, "Kodi iwe, ukudikira nkhondo ina?" Iye ankangoseka n'kunena kuti, "Achemwali, mtsinje suuza munthu tsiku."

Zaka zambiri ndinkamuseka, ndipo anthu ankaseka nane. Zinatembenuka chaka chimene madzi anasefukira mu 2015. Mabanja atatu anadya kwa Cacilda sabata yathunthu. Lamulungu lotsatira akatekisita anamuimiritsa m'tchalitchi kuti anthu amuombere m'manja. Ine ndinaomba, nanga n'kutani. Amayi a mumphakati anayamba kukwera chitunda kukaphunzira kumanga zigubu. A Cipriano nawo, osachita manyazi, tsiku lina tikudya anati, "Koma mng'ono wakoyu, mutu uli pamalo." Ndinawachotsera mbale ya ndiwo asanamalize.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali Nélia. Kuyambira ali kamtsikana, ukamusowa pakhomo udziwe ali kumtunda, akuthandiza amayi ake aang'ono kusefa ufa. Wobereka ine, mimba kuwawa ine, koma nkhani zakukhosi akakambire kwa Cacilda! Nélia atakwatiwa ndi Amândio, mnyamata wa ku Molumbo wokonza njinga, ndinati tsopano ndamumangirira. Amândio anaumba njerwa, anaziwotcha, ndipo ndinatuma Nélia kuti akamuonetse malo omanga pafupi ndi mtengo wanga wa mango, poti ine ndi mkamwini sitiyankhulana maso ndi maso. Anati amanga mvula ikatha. Podikira ankagona m'chipinda chakuseri kwa nyumba yathu, Nélia ali woyembekezera. Mtima wanga wonse unali pamenepo, kuti nyumbayo imangidwe pabwalo langa, mdzukulu azikwawira pakhonde panga.

Chaka chimenecho ndinati nanenso ndionetse anthu kusunga chakudya. Chimanga sindinagulitse kwa ogula a kumalire. Matumba khumi ndi anayi ndinawaunjika pabalaza, pamene aliyense wolowa awaone. Cacilda atawaona anati, "Mwachita bwino, achemwali. Nanga ufa?" Ndinati chigayo sichithawa. Ife kuno timagayitsa tsidya la Malawi, ku Muloza, chifukwa n'kufupi. Munthu umakweza thumba panjinga, umawoloka podutsira pathu, dzuwa lisanafike pamutu wabwerako. Takhala tikutero kuyambira kale, thumba limodzi likatha linzake.

Lachisanu lina m'mwezi wa Malichi 2023 wailesi inalengeza za namondwe Freddy. Masana Cacilda anatsika chitunda, thukuta kamukamu, anandipeza ndikutsuka mbale.

"Achemwali, atumeni alamu kuchigayo lero lomwe. Matumba awiri. Ndipo Nélia abwere kwathu kufikira mvula itadutsa, masiku ake ayandikira."

Ndikuuzani zoona. M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditayang'ana m'dengu la ufa n'kuona kuti watsala wa masiku atatu. Ndinali nditaganiza kale zowatuma a Cipriano. Akanapanda kunena iyeyo, akanapita. Koma kuti anthu adzamve kuti ngakhale Paulina anachita kuuzidwa ndi Cacilda? Epa!

Ndinati, "Mwana ndi wanga. Ukabereka wako udzamusunge m'chigubu."

Anayang'ana pansi, anakonza chitenje chake, n'kubwerera. A Cipriano atafunsa ngati apite, ndinati apita Lolemba.

Lolembalo silinatipeze ndi njira. Mvula inayamba Loweruka, ya mphepo, yosapuma. Lamulungu malata awiri a khitchini anauluka ndipo nkhuni zonse zinanyowa. Lolemba a Cipriano anapita kukaona mtsinje, atabwerako anati Muloza wadzaza mpaka m'minda, ukukokolola mitengo ndi mbuzi, podutsira pathu sipakuonekanso. Msewu wopita kutauni ku Vila nawo unali utaduka pakamlatho. Lachiwiri ufa unatha. Madzi anasefukira kudambo, chimbudzi chinagwa, ndipo zonsezo zinalowa m'chitsime changa chija ndinkanyadira.

Ndinakhala pabalaza kuyang'ana matumba khumi ndi anayi. Mtondo ndinali nawo, koma mphale ukaviika uyanika padzuwa liti? Ndinathyola mpando n'kukoleza moto, ndinawiritsa chimanga chosakonola. Nélia anatafuna kawiri, n'kusanza. Anandiyang'ana. Kumtunda utsi unkatuluka padenga la Cacilda m'mawa ndi masana, woongoka bwinobwino, ndipo anthu a kudambo ankakwera ndi ana kumbuyo. Ine ndinati ife sitipita, mvula isiya mawa.

Lachitatu m'mawa mvula inachepadi, koma Nélia matenda anamuyamba. Kuchipatala kunalibe njira. M'nyumba munalibe nkhuni youma ngakhale imodzi, ndipo madzi amvula amene tinatchera m'beseni anali atatsala pang'ono. Amândio, amene chikwatirire anali asanandiyang'anepo kumaso, anaima pakhomo n'kuyankhula nane mwachindunji.

"Amayi, mundikhululukire. Ndikumutenga."

Anamunyamula m'manja n'kuyamba kukwera chitunda m'matope. Ndinawatsatira pambuyo, wopanda nsapato, ndikutukwana mumtima.

Kwa Cacilda kunali anthu ngati pamsika, ena pakhonde, ena m'khitchini, ana akumwa phala. Iye atationa anatulutsa anthu m'chipinda chake, anayala mphasa, n'kuika madzi pamoto. Kenako anandigwira dzanja.

"Achemwali, ine izi sindizidziwa. Mundiuze chochita."

Pamenepo mtima unakhalako pansi. Ndinati eya, pali china chimene zigubu sizinakuphunzitse. Ndinamutuma uku ndi uku, ndipo ankathamanga ngati kamwana. Dzuwa litapendeka mwana anabadwa, wamkazi, ndinamulandira ndi manja angawa. Nditati tidula ndi chiyani mchombo, Cacilda anakwera pansanja n'kutsitsa kachitini kotseka bwino. M'katimo munali lezala latsopano, ulusi, sopo, ndi nsalu zitatu zochapa kale. Anati anazikonza mu Januwale.

Mu Januwale! Munthu wosabereka anakonzera mdzukulu wanga lezala, ine mwini wake ndili kalikiliki kuunjika matumba kuti anthu aone. Ndinadula mchombowo misozi ikutsika, ndipo onse ankayesa ndi ya chimwemwe. Ina inali ya chimwemwe. Yambiri inali ya mkwiyo.

Nélia anakhala m'chikuta komweko. Ankamwa phala la ufa wa Cacilda, ankasamba madzi a m'zigubu za Cacilda. Mabanja asanu ndi awiri anadya pakhomopo mpaka mtsinje unaphwa, ndipo palibe mwana amene anatsegula m'mimba. Cacilda ankayeza ufa ndi kapu, osawonjezera ngakhale wina alire, iye mwini n'kumadya makaka kamodzi patsiku. Anaonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Ndikanakonda akanadzitama, kapena akanandikumbutsa mawu anga a Lachisanu lija, kuti tikangane zithe. Sanatero ngakhale kamodzi. Munthu wotere umamutani?

Mchombo utagwa ndinatsika kukakonza kwathu. Ndinazira chipinda, a Cipriano anakhoma malata, anakagayitsa matumba atatu. Ndinalambula pamalo paja pafupi ndi mango, ndinazula chitsa chilichonse. Ndiyeno ndinakwera chitunda ndi chitenje chatsopano choberekera mwana.

Ndinapeza Nélia akuyamwitsa pakhonde. Ndinati, "Tiye kwathu, zonse zakonzeka."

Anayang'ana mwana. Kenako anati, "Amayi, a Amândio amanga kuno. Amayi aang'ono atipatsa malo kuseri kwa nyumba."

Ndinati kudambo madzi aphwa, chitsime tikumba china, ufa ulipo wodzaza. Ndinati pamiyala pano adzalima chiyani. Ndinati kodi mng'ono wangayo wakudyetsa chiyani. Ndinayankhula zambiri, mawu akukwera, mpaka anthu odutsa anaima.

"Sanandidyetse kanthu. Anayamba akana, anati ndikapemphe kwa inu," anatero Nélia, mawu ali pansipansi. "Amayi, Lachisanu lija ndinali kuseri kwa chitseko. Ndinamva zonse. M'mawa wa tsiku lomwelo munandiuza nokha kuti ufa watsala pang'ono, abambo apite kuchigayo. Munadziwa kuti akunena zoona. Munalola kuti ine ndigone ndi njala, ndi mimba, kuti musaoneke kuti mwawamvera. Madzi sindikuwaopa, amayi. Ndikuopa kuti tsiku lina mudzateronso ndi mwanayu."

Chitenje chija ndinachisiya pamphasa n'kutsika ndekha.

Njerwa anazituta mu Meyi, pawilibala, kudutsa pakhomo panga penipeni, masiku anayi. Nyumba inamangidwa, ya zipinda ziwiri. Mwanayo pano akuthamanga, ndipo akagwa amalirira kwa Cacilda.

Ndimapitako tsiku lililonse, sindingachitire mwina. Njira yopita kwa Nélia imadutsa pabwalo la mng'ono wanga, ndiye kuti ndione mdzukulu wanga, amene ndinamulandira ndi manja anga, ndimayamba ndaima m'mphepete mwa bwalolo n'kuodira ngati mlendo. Cacilda amatuluka msangamsanga, amagwada, amandiyalira mphasa, n'kuitana mwanayo kuti, "Bwera, agogo ako enieni afika." Amanena ndi mtima wonse, ndipo mwanayo amabwera atagwira chitenje cha Cacilda.