Kaputeni Amene Sanamvere Chenjezo

Tsiku limene anamulanda chiphaso choyendetsera ndege, Kaputeni anakhala m'galimoto maola atatu osailiza. Ankasowa poyambira kumuuza mkazi wake.

Nkhani yake inali yotere. M'mawa wina wa chifunga, akutsitsa ndege yonyamula anthu makumi anayi, chipangizo chochenjeza chinayamba kukuwa kuti kutsogolo kuli phiri. Wachiwiri wake, bambo wa ana atatu, anati, "Bwana, tikwere."

"Njira ino ndayendamo zaka khumi ndi zisanu," anayankha Kaputeni. "Ka alamu aka kamangolongolola."

Posakhalitsa mitengo inatulukira m'chifungamo. Anakweza ndege, koma mochedwa. Matayala anawomba nsonga za mitengo, ndipo potera anathyoka. Palibe anamwalira, koma wachiwiri wake uja anavulala msana, sanayendenso.

Zaka ziwiri zinatha Kaputeni ali phee pakhonde. Anansi ankamutchulabe Kaputeni, koma ndi kaseko kukamwa. Mlamu wake naye sankamusiya.

"Alamu, ndikanakulangizani," ankatero, "koma inu paja simumvera alamu."

Tsiku lina mkazi wake anakhala naye pansi.

"Bambo a ana, kulakwa munalakwadi, sindikubisirani. Koma zimene munaona m'chifunga muja akuzidziwa ndani wina? Mufa nazo?"

Mawuwo anamukhala pamtima. Anapita kusukulu yophunzitsa oyendetsa ndege kukapempha ntchito. Anamubweza kanayi. Kachisanu mkulu wa sukuluyo anatopa naye, n'kumupatsa ntchito yosamalira chipinda chophunzitsira, chomangidwa ngati kutsogolo kwa ndege, momwe ophunzira amayeserera kuuluka ali pansi pomwepo. Munthu amene kale ankapatsidwa sawatcha tsopano ankapukuta magalasi ndi kuyatsa makina.

Ali pakona ndi kansalu kake, ankaonerera. Anazindikira kuti chenjezo la phiri likalira, ophunzira ambiri ankayamba ayang'ana mapu, ena kufunsana. Iye ankawerenga masekondi chamumtima.

Patatha chaka analimba mtima, napempha mphunzitsi kuti alankhuleko. Anaima kutsogolo.

"Munamva za woyendetsa ndege amene anakangana ndi chenjezo? Ndine amene. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma yanga inagwera mnzanga. Chenjezo likalira, kwezani kaye ndege. Zokambirana mukachitire kumwamba."



Mphunzitsi uja anamulimbikitsa kulemba mayeso a uphunzitsi. Koyamba analephera. Anabwerera ku mabuku, mutu wayamba kale imvi, ndipo kachiwiri anakhoza.

Chinamuvuta koposa mayeso chinali kukagogoda pakhomo pa mnzake wovulala uja. Maulendo awiri sanamutsegulire. Ulendo wachitatu anamulowetsa, namvetsera kupepesa kwake mpaka kumapeto ali pa njinga yake ya olumala.

"Kukhululuka ndiyesetsa, achimwene, ngakhale sikubwera lero," anatero. "Koma mukamawaphunzitsa anawo, muzinditenga. Aziona ndi maso."

Lero awiriwa amaphunzitsa limodzi. Kaputeni amaphunzitsa kumvera chenjezo, mnzakeyo amaphunzitsa achiwiri kulankhula mokweza bwana akamalakwitsa. Oyendetsa ndege mazanamazana adutsa m'manja mwawo. Mayi wina amene anaphunzira kwa iwo anabwera chaka chatha kudzawauza kuti chenjezo linamulirira m'mitambo, ndipo anakweza ndege asanaganize n'komwe. Anthu makumi asanu ndi awiri anakafika kwawo osadziwa kanthu.

Kaputeni sanaulutsenso ndege, ndipo mpaka pano akaimva ikudutsa amayang'ana kumwamba kanthawi.

Mwina inunso munagwa, ndipo amene anakugwetsani si wina ayi, ndinu nomwe. Kugwa kotero kumawawa kawiri. Vomerani, pepesani kwa amene munamupweteka, kenaka dzukani, pakuti pali wina amene phunziro lanulo lingamupulumutse. Musataye mtima, ntchito yanu sinathe.