Tadala Wandiitana, Asewere Amve

Ndinali kusita malaya a bwana ku Durban North pamene foni inalira m'thumba la epuloni. Anali mawu ojambulidwa, ochokera kwa mwana wanga Esinati. Ndinatsegula. Poyamba kupuma, kupuma, kenako kamawu kakang'ono: "A-go-go. Bwe-ra-ni."

Mayo ine! Ndinaimba nthungululu mpaka galu wa madamu anauwa. Ine amene m'tekisi ndimameza Chichewa kuopa maso a anthu, tsiku limenelo ndinachiimba pamsewu. Tadala, mdzukulu wanga wa zaka zisanu, wandiitana!

Amve aNaphiri. Amve asewere anga, amake a mkamwini wanga, amene anaima pakati pa amayi titatuluka m'tchalitchi nkunena kuti, "Mwana salankhula chifukwa cha agogo akewa. Kukireshi, sukulu yamkaka ija, Chizulu, pa TV Chizungu, iwo nkumamuthiranso nyimbo za ku Ntcheu. Lilime lamangika. Akwere basi, azipita." Mkamwini anamvera amake. Anandiletsa kumuimbira mwana, ndipo anati Disembala ikafika andigulira tikiti ya kumudzi, yopita yokha.

Koma ine ndinkadziwa. Zimenezi ndinaziona ndili mwana.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, mlongo wanga wamng'ono Yobu anali chonchi. Kumva ankamva zonse, kumutuma ankapita. Koma madzi lero ati "dadzi," mawa ati "ami," milomo ikufufuza ngati munthu wofuna singano mumchenga. Azakhali anakamudulitsa kunsi kwa lilime ndi lumo. Anabwera magazi ali pachifuwa, mawu osabwera. Ndipo m'mudzi mwathu munalibe Chizulu, munalibe TV, aNaphiri. Chilankhulo chinali chimodzi!

Ine ndinkamuyankhira. Mlendo akamufunsa dzina, ndalumphira kale: "Ndi Yobu." Ndinkayesa chikondi. Tsiku lina amayi ananditsina khutu mpaka linatentha ngati khala. "Iwe, pakamwa pakepo ndi pako? Mdikire." Ndinalira, ndinapita kumtondo, Yobu akunditsata. Munsi ukuti di, di, ine ndikuimba mokwiya, "ma-dzi, ma-dzi." Ndinamva kumbuyo kwanga akutsatira munsi: "ma... dzi." Sindinatembenuke msanga. Ndinadikira. Anabwerezanso.

Ndiye pamene Esinati ankapita naye Tadala kuchipatala cha boma, kwa adokotala ophunzitsa ana kulankhula, ndinakakamira kupita nawo. Adokotalawo anali kamtsikana kachimwenye, kodekha. Dzina la vutoli ndi lachizungu, apulakisiya. Kanati mawu mwanayu ali nawo m'mutu, koma milomo ndi lilime zimasochera njira. Kanamukhazika maso ndi maso, kanati ayang'ane pakamwa pake, anene limodzi pang'onopang'ono, chala chikugunda pamilomo pofika pa "ba." Mawu ochepa, omwewo omwewo, tsiku ndi tsiku, pagalasi, akuomba m'manja.

Ndinamugwira Esinati mkono. "Tawafunse, Chichewa changa nchimene chamumanga?"

Adokotala anapukusa mutu. Anati ayi, zilankhulo sizimanga mwana, gogo aziimba, kuimba kumathandiza.

Eish! Ndinati, "Esinati, uwauze alembe papepala." Analemba. Pepalalo ndinalisunga m'Baibulo.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka, ine ndi Tadala pagalasi la wadiropu. Munsi kulibe ku Durban, ndiye ndinkagunda supuni pa baketi. A-go-go. Bwe-ra-ni. Masiku ena amatha, mawa lake zabalalika, amadzimenya pakamwa nkulira. Miyezi inapita, Disembala ikuyandikira. Mawu ankandiyabwa kukhosi kuti ndimuthandize kumaliza, koma khutu langa linkakumbuka zala za amayi.

Tsopano ndikudziwa chimene ankanena. Kumuyankhira mwana nkumulanda. Kudikira ndiye ntchito, ndipo ndi yowawa.

Loweruka lotsatira uthenga wa pafoni uja ndinaphika mpunga ndi nkhuku, ndinaitana anthu. ANaphiri ndinawaitana kawiri. Anafika mochedwa, nakhala pafupi ndi chitseko. Pepala lija ndinapatsa mkamwini kuti awerenge mokweza, amasulirenso. Anawerenga thukuta lili kamukamu. Ndinamufunsa, "Nanga tikiti ija, bambo?" Anayang'ana pansi. "Iwalani, amayi."

Kenako ndinamukankhira Tadala kutsogolo. "Apatse moni agogo ako enawa."

Anayamba. "Mu..." Milomo inafufuza. ANaphiri anatsegula pakamwa kuti amumalizire, ine dzanja m'mwamba. "Asewere, pakamwa pakepo ndi panu? Mdikireni."

Anadikira. Nyumba yonse inadikira. "Mu-li... bwa-nji."

ANaphiri anayankha m'Chichewa chomwecho chimene ankati chimamanga lilime. Kukhululuka ndidzakhululuka, abusa asade nkhawa, koma osati sabata ino.

Amene anabwera ndi awa, asadzakane: Esinati ndi mwamuna wake Gifiti, amake Chikondi a ku Hillcrest, aChe Jafali a pashopu ndi akazi awo Abiti Saidi, aNangozo ophika ku Morningside, MaDlamini eni nyumba, amene anavina osamva liwu ndi limodzi, aNaphiri a pachitseko, ndi Tadala, amene dzina lake anatchula yekha.