A Port ndi mbumba yawo

Ndiulule poyera, poti nkhalamba ilibe manyazi. Kwa zaka zambiri ine ndinkakhulupirira kuti mawu a Chingerezi ali ndi mfunda ngati anthu. Ndikaona awiri ofanana zilembo ndinkati basi, awa ndi a Phiri okhaokha, anayamwa bere limodzi. Musaseke kwambiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo Chingerezi chotsalacho ndinachitola pazikwangwani, ndikuyendetsa thiraki pakati pa doko la Dar es Salaam ndi Lilongwe.

Lachisanu lapitali Chisomo, mwana wa mwana wanga wamkazi, anabwera ndi ntchito ya kusukulu. Tonse timakhala nyumba imodzi kuno ku Tegeta, mu Dar momwemo. Aphunzitsi anati apeze mawu okhala ndi zilembo izi, p, o, r, t, zili chondondozana, anenenso matanthauzo ake.

Ndinakokera mpando pafupi. A Port, kutanthauza doko, ndi anzanga akale, ndapsa nalo dzuwa pamzere wa pageti lawo. Ndinamuuza mwanayo kuti import ndi katundu wolowa, export ndi mng'ono wake wotuluka, transport ndi ine amene, ndipo passport ndi kabuku kokutsegulira njira pa Songwe.

"Nanga deport, babu?" Ndi mmene amandiitanira, agogo m'Chiswahili.

"Ameneyo ndi msuweni woipa mtima. Banja lililonse lili naye. Akakuchezera umangopezeka uli m'basi, chikwama chatsala."

"Nanga important?"

"Bwana wamkulu wa import."

Anayang'ana pafoni ya mayi ake. "Akuti ndi chinthu chofunika."

"Nanga wolowetsa katundu si wofunika?"

Kenako anandiponyera sport. Ndinakanda dazi, n'kunena kuti ameneyo ndi mwana wotola, anangolowa pamudzi nthawi ya njala. Anaseka mpaka pensulo inagwa. Mawuwo anawaloweza onse, matanthauzo n'kumawatchula ngati akumwa madzi.

Lamlungu foni inalira. Anali agogo ake a kuchimuna, a Nachisale, kuchokera ku Dedza. Mayi amenewa maso anasiya kuona chaka chatha. Zithunzi zimene timatumiza ziwathandiza chiyani? Mdzukulu wawo amamudziwira pa mawu basi.

"Shikamoo, bibi," anatero Chisomo, kuwalonjera agogo akewo m'Chiswahili.

"Ee, mayi wanga! Wadya chiyani lero?"

Zii. Funsolo analimva bwinobwino, ndinaonera pankhope. Milomo inagwedera, maso anapita kudenga, kenako foni anaiponya m'manja mwa mayi ake n'kuthawira kuchipinda.

Mawu a Nachisale anamveka chapansipansi pafonipo: "Kodi mwanayu ndinamulakwira chiyani?"

Palibe anaseka.

Abale anga a kuno ku Dar, tisanamizane. Tikakumana ku Ilala kapena pa Ubungo, tikatha kufunsana mfunda ndi za kumudzi, chotsatira n'chiyani? Kunyadira Chingerezi cha ana. "Wanga chimachita kutulukira m'mphuno!" Alendo akafika pakhomo timaitana mwana, aime pakati pa balaza, manja kumbuyo, alakatule mawu aatali ngati sitima ya katundu. Tonse m'manja phwaphwaphwa. Munaonapo mwana ataimitsidwa kuti apereke moni wa Chichewa alendo n'kumuombera m'manja?

Wina akafunsa za chiyankhulo chathu, yankho lake ndi limodzi nyumba zonse: "Amamva, koma sayankhula." Timanena mosekerera, ngati tikunena za mbuzi yozolowera dzina lake.

Musandimve molakwa. Chingerezi sindidana nacho. Ndinaona ndekha anyamata ochidziwa atakhala m'maofesi ozizira a padoko, ine ndikuphika tiyi pansi pa thiraki. Chisomo achiphunzire, achimalize. Chiswahili nachonso n'chake, anabadwira muno, ndipo chipsi mayai, tchipisi ta mazira ta kuno, sangagule ndi Chichewa. Koma mutu wa mwana si kabini ya thiraki yoti mukhale anthu awiri okha. Wachitatu malo alipo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo ife tikudikira kuti mwana akadzakula adzachipeza yekha. Adzachipeza kuti? Nanga a Nachisale adzakhala akudikirabe?

Mwezi wa Disembala makolo ake akupita naye ku Dedza. Agogo akewo adzamugwira kumaso ndi manja, adzamufunsa kanthu. Ndikalingalira zii wa tsiku limenelo, tiyi amandizizirira m'kapu.

Madzulo a Lamlungulo, tikudya, ndinayamba mlandu. Ndinadzudzula sukulu. Ndinadzudzula mkamwini wanga, amene amalonjera mwana wake ngati akuwerenga nkhani pawailesi. Ndinadzudzula mafoni, makatuni, ngakhale ana a aneba. Ndinayankhula bwino kwambiri moti ndinadzimvera chisoni kuti sindinakhale loya.

Mayi a kunyumba, a Nangozo, anangondisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anasamba m'manja, n'kundiyang'ana.

"Mwatha, abambo? Inuyo mukamamuitana mwanayu mumati njoo. Mukamamutuma madzi mumati lete maji. Chichewa mumachisunga chokalipira ine. Ndiye mukufuna akachitole kwa kondakitala wa daladala, maminibasi athuwa?"