Kompyuta Imene Inkakana Kupuma

Amalume anga anauzidwa ku chipatala cha ku Lewisham kuti pakhosi pawo pali chotupa chofunika kuchotsa, ndipo madokotala sanawabisire kuti mwina mawu sadzabwereranso. Sanalire. Anangondiimbira foni n'kunena kuti, "Iwe, nyimbo zija za amayi uzijambule asanandipange opaleshoni." Amalume anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, makolo awo ochokera ku Dedza, ndipo nyimbo zimene agogo ankaimba posankha fodya ndiponso pa maliro a pa komboni zinatsala m'mutu mwa iwo okha. Opaleshoni inali Lolemba. Tinatsala ndi Loweruka basi, chifukwa Lamulungu, zivute zitani, amalume amaswera ku tchalitchi.

Ndinati tijambulire pa foni, koma anakanitsitsa kwamtuwagalu. "Foni ndi yojambulira miseche. Ine ndikufuna maikolofoni yeniyeni." Ndinaibwereka maikolofoniyo, n'kuilumikiza ku kompyuta yanga, chibokosi chakuda cha pansi pa tebulo pabalaza. Apa ndi pamene mavuto anayambira. Ukangoiyatsa, fani yake inkalira ngati chigayo, ngakhale usanatsegule kalikonse. Ine makutu anali atazolowera, koma maikolofoni sizolowera kanthu. Nditayesa kudzijambula, mawu anga ankamveka chapatali, phokoso lili patsogolo.

Ndinauzira fumbi, ndinatseka chilichonse chotsekeka, mpaka ndinaifunditsa bulangeti. Inatentha n'kuyamba kulira koposa kale. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo Lachisanu madzulo ndinatsala pang'ono kuiponda. M'malo mwake ndinaimbira alamu anga, akazi a achimwene, obadwira ku Chipata koma okulira ku Lusaka, amene amakonza makompyuta a mu ofesi ina cha ku Wembley.

Anafika m'mawa pa sitima atangonyamula kachikwama ka m'manja. Amalume anali atakhala kale pa mpando, jekete ndi tayi zili m'thupi, botolo la madzi ofunda lili pambali. Alamu anawagwadira n'kuwapatsa moni, kenako anakhala pa kompyuta n'kutsegula kawindo ka manambala.

"Mulamu, onani apa," anandiuza. "Processor ndiye bongo wa machine. Ngati ilibe nchito ifunika kuchepesa speed, ipumuleko. Manje yanu ithamanga full speed, koma palibe vamene ichita. Ndiye ikupya, na fan ivutika."

Ndinaona ndi maso anga. Nambala ya ntchito inali pansi penipeni, koma ya liwiro inali pamwamba, osagwedera.

Anayamba kufufuza ngati pali pulogalamu ina yobisala imene ikuigwiritsa ntchito mwakachetechete. Panalibe. Analowa pamene amasankhira mmene kompyuta idyere magetsi, n'kusankha kuti izitha kutsitsa liwiro. Kenako anapinda manja n'kumangoyang'ana. Nambala ija sinasunthe. Amalume anakhosomola, ine ndinayang'ana wotchi, chifukwa ndinkadziwa kuti likapendeka dzuwa mawu awo amasasa.

"Alamu, tingofufuta zonse tiyambirenso," ndinatero.

"Iyayi. Chimozi chimozi. Mukachinja vambili pamozi, simuzaziba chamene chapolesa."

Ndinapsa mtima, sindinama. Koma lero ndikakumbukira mmene anakhalira phee, ine ndikuyendayenda kumbuyo kwawo ngati nkhuku yofuna poikira, ndimawasirira. Kufulumira kwanga sikunawalowe m'manja ngakhale pang'ono. Anangotembenuka n'kundifunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Kwao ni kuti iyi machine?"

Ndinaseka. Koma kwawo inali nako. Inachokera ku tchalitchi kwathu ku Peckham. Ndi imene inkaulutsa mapemphero pa intaneti kuti odwala ndi abale a kumudzi azitsatira, ndipo atagula yatsopano anandipatsa ine. Alamu anati tiimbire mkulu amene amayang'anira zokuzira mawu kumeneko. Anatenga foni yanga, n'kuyamba moni wautali: amayi ali bwanji, ana ali bwanji, mwendo uja unapola. Ine thukuta lili kamukamu. Atatha zonsezo ndi pamene anafunsa ngati anasinthapo kanthu m'kati mwa kompyuta yakale ija.

"Eya, ndinaikhoma," anayankha mkuluyo, monyadira ndithu. "Tsiku lina inaima pakati pa ulaliki, anthu a ku Harare anandiimbira mpaka foni kutentha. Ndiye ndinalowa mu BIOS n'kuiuza kuti isamapume."

Ndinafuna kulanda foni kuti ndiwauze mawu awiri atatu. Alamu anandikwezera dzanja. "Munachita bwino, atate," anatero pa foniyo. "Ya pa Sunday inafunika so. Manje yapuma nchito, tizaimasula." Mkulu uja anatsanzika akuseka, osadziwa n'komwe kuti pabalaza panga panali munthu wofuna kumudya wamoyo. Mpaka lero amandipatsa moni wa manja awiri.

Alamu anazimitsa kompyuta ija, n'kuiyatsanso akugogoda batani limodzi, ndipo panatuluka sikirini ya zilembo zokhazokha imene ndinali ndisanaionepo. Anati kumeneko ndiye ku BIOS, kumene kompyuta imalandira malamulo isanayambe ntchito. Anapeza mizere iwiri yozimitsidwa, yonse yokhudza kutsitsa liwiro. Anayatsa umodzi, n'kuyambitsanso kompyuta, n'kuyang'ana. Nambala inagwedera pang'ono. Anabwerera kukayatsa winawo. Ulendo uno inatsika mpaka pansi. Akagwedeza mausi inkadumpha, akasiya inkabwerera. Fani inayamba kufooka pang'onopang'ono mpaka tinamva basi ikuima kunja, ndipo ndinathamanga kukatseka zenera.

"Mwagwira ntchito, mayi," anatero amalume, akukonza tayi.

Alamu anali ndi phwando la mnzawo masana amenewo, koma sanapite. Anakhala pansi pa kapeti pafupi ndi chibokosi chija, diso pa nambala, kuopa kuti ingakwerenso nyimbo ili m'kati. Amalume anaimba atatsinzina. Ina ankaiyamba, n'kuisiya, n'kumwa madzi, n'kuiyambanso. Pa nyimbo ya maliro ndinaona alamu akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, chonsecho agogo sanawaonepo. Alamuwo ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinawauza.

Opaleshoni inayenda bwino, chotupa chinachoka, koma mawu sanabwerere. Amalume amalankhula monong'ona tsopano, ndipo uyenera kusendera pafupi kuti umve. Atachira anabwera kwathu n'kuloza kompyuta. Ndinawaikira nyimbo zija. Zinamveka mbee, mpaka mpweya umene ankakoka pakati pa mizere. Anamvetsera zonse, milomo ikutsatira popanda liwu. Itatha yomaliza anandikodola, ine n'kuwerama.

"Iwe," ananong'ona, "kodi ndinkaimba chonchi?"