Atelala Akana Makwerero

Sukulu ndamaliza, ntchito sinapezeke, ndiye ndimaswera pakhonde n'kumaona anthu. Koma atelala oyandikana nafewa ndi ofunika kuti dziko liwadziwe.

Bambowa amakhulupirira kuti munthu aliyense ndi boma payekha. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, amati, "Iwe samala za kudzuka kwako." Tsiku lachisankho amakadzivotera, chikhalirecho sanaimirepo. Kunyumba kwawo aliyense amasesa pamene waponda, ndipo ngakhale mphaka anauzidwa kuti adzionere yekha.

Denga lawo litayamba kudontha, anakwera kukakhoma lata latsopano mbali yokhayo imene amagona iwo, ya akazi awo n'kuisiya. Ali m'mwambamo, mphepo inagwetsa makwerero, kumwamba nako kukuda.

Akazi awo anatuluka n'kuima pafupi ndi makwererowo.

"Bambo a kunyumba, mungonena kuti ndithandizeni, basi."

"Wakuuzani ndani kuti ndasowa chochita? Ndikupitidwa mphepo ine."

"Mphezinso mukambirana nayo nokha?"

"Zimenezo n'zanga, mayi."

Tinasonkhana mdadada wonse. Ena anadzutsa makwerero, koma atelala anawaopseza ndi hamala. Mvula itayamba, tinangomva misomali ikulira, munthu akuzula lata lomwe wangokhoma kumene. Kenaka analowetsa miyendo pabowopo n'kugwera pabedi, bedilo n'kuthyoka pakati.

Anatuluka akutsimphina, kumbuyoku madzi akukhuthukira papilo wawo, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Mwaona nonse," anatero. "Ndatsika ndekha."