Pamwamba pa Kabati

Mayi a mapasa, telala wa mumsewu wathu, sayankha munthu akawanyoza. Amangosunga. Nyumba yawo amakolopa tsiku ndi tsiku, koma pamwamba pa kabati safikapo chifukwa ndi aafupi.

Alamu awo, achemwali a bambo a m'nyumbamo, ndi aatali ngati mlongoti. Atabwera kutchuthi ndi ana anayi, anayendetsa chala pamwamba pa kabatipo alendo akuona, n'kuchipukutira pasiketi monga amachitira nthawi zonse.

"Achimwene, mumakhala m'fumbi chonchi?"

Mayi a mapasa anangomwetulira, n'kuwathirira tiyi.

Tchuthi chitatha, kunja kukuzizira koluma zala, anaiyamba ntchito. Anachapa makatani ndi mabulangete amene ana a alamuwo anakodzera, anasesa makoko a zipatso kuseri kwa sofa, akangaude akudenga anaona zakuda. Pomaliza anakwera pampando n'kupukuta pamwamba pa kabati mpaka mbee. Kenako anapakapo polishi wakuda wa nsapato, chitini chonse.

Loweruka alamu aja anatulukira kudzatenga juzi yomwe anaiwala, atatchena siketi yoyera, ali pa ulendo wa ku ukwati. Moni asanathe, dzanja linali kale m'mwamba. Chala chinayenda, chinatsika, n'kupukutidwa pantchafu. Mzere wakuda bii!

"Mayo ine! Chimenechi n'chiyani?"

"Pepani alamu," anatero mayi a mapasa akupinda juziyo mwachifatse. "Ine kumeneko sindifikako. Kumeneko n'kwanu."