Ngolo Si ya Munthu Wamkazi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene amuna anga anamwalira. Fodya tinalima tonse, kusoka ndinasoka ndine, koma achimwene awo, a Lenadi, atabwera ku okushoni anandipatsa chitenje chimodzi basi. Ndinali mtengwa kwa Kabudula, ndiye mawu anga sankapita patali. Ndinakasiya ana kwa amayi ku Nsaru n'kunyamuka.

Kumeneko ndinagwira ntchito m'nyumba ya azungu. Ndinkalowera khomo lakuseri, ndipo kapu yanga inkakhala payokha, pafupi ndi mbale ya galu. Mu minibasi ndinkakhala duu, kuopa kuti akuda anzanga angamve lilime langa n'kudziwa kuti ndine wobwera. Ndinasungulumwa koopsa, sindibisa. Mauthenga akumudzi anali amodzimodzi: feteleza, fizi, maliro. Ofunsa ngati ndadya anali amayi okha.

Nditabwerako ku Nsaru ndinagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri zosaphunzitsa. Ina ndinaitcha Madamu, inayo Bwana. Goli ndinaziphunzitsa ndekha kudambo, anthu akundiseka. Kunena zoona, kukuwa kuti "Tiye Madamu, bwerera Bwana" kunkanditsekemera.

A Lenadi atamva anatulukira pa njinga.

"Mlamu, ngolo si ya munthu wamkazi. Ndinu mkazi wakwathu, eti? Ndiye chumachi chikakhale kwathu, tiwasungire anawa."

Ndinayang'ana amalume anga, amene anali pomwepo, kuti andiyankhulire. Iwo anangozyolika, amvekere mkazi waulemu salimbana ndi akuchimuna. Apo m'pamene ndinazindikira kuti khomo lakuseri silili ku Joni kokha. Kwathu kuno lilipo, kungoti timalitcha ulemu.

"Mangani muzipita nazo," ndinatero. Zikanati ziyende, thukuta langa lonse likanapita.

A Lenadi anazimanga pagoli. Anaimba mluzu, anakuwa, anakwapula, koma ng'ombe zinangoima chilili, zikubzikula. Chiziphunzitsire zinali zisanalamulidwepo ndi mawu a mwamuna. Azimayi a pamjigo anasiya zidebe n'kubwera kudzaonerera.

"Kodi mwazidyetsa mankhwala?" anafunsa a Lenadi, thukuta lili kamukamu.

"Ayi mlamu, zimangomudziwa mwini wake."

Ndinakwera, n'kugwira chingwe, n'kunena motsitsa, "Tiye Madamu." Ngolo inanyamuka. Sindinaime mpaka pamsika wa Nsaru, azimayi akululutira m'mbuyo, ana anga atakhala pamwamba ngati mabwana. A Lenadi ndinawasiya pabwalo pomwepo, chikwapu chili m'manja.